Malemu Samuel Josiah Nthara (1905–1976): Mphunzitsi Amene Analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa

Pakati pa inu alendo athu amene mwafika kuno kuchokera ku Chipata, Chadiza ndi Katete, komanso inu amene mwadutsa malire pa Mwami kapena mwachokera ku Tete, alipo ambiri a imvi amene akamva dzina lakuti Nthondo amayamba ndi kumwetulira. Ena analiwerenga bukuli atakhala pa benchi ya sukulu ya mishoni, ena analiwerenga usiku pa nyali ya koloboyi mayeso atayandikira, ndipo alipo enanso amene sanaligwirepo m'manja koma nkhani yake anaimva kwa akulu awo akabwera kutchuthi. Komatu mutawafunsa za munthu amene analemba bukulo, ambiri angakuuzeni dzina lokha la pachikuto. N'chifukwa chake taona kuti n'koyenera kuti m'kabuku kano tilongosoleko moyo wa malemu Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma, mmodzi wa Achewa oyambirira kulemba nkhani yaitali yopeka m'chinenero chathu, amenenso anasonkhanitsa mbiri ya mtundu wathu n'kuiika m'buku. M'mabuku a Chingerezi dzina lawo limalembedwa kuti Ntara, koma munthu wake ndi yemweyo.

Bambo Nthara anabadwa m'chaka cha 1905 m'chigawo chapakati cha dziko limene lero ndi Malawi. Panthawiyo ngakhale dzina lakuti Nyasaland linali lisanakhazikitsidwe, pakuti linadza mu 1907, ndipo kuno kwathu panali patangopita zaka 7 chithere nkhondo ya mu 1898 ya Angoni a Mpezeni ndi Azungu. Atumiki a mpingo wa Dutch Reformed Church ochokera ku Cape anali atamanga mishoni yawo yoyamba pa Mvera mu 1889, motsogozedwa ndi A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndipo mu 1896 anatsegula Nkhoma. Atate awo a Bambo Nthara anali mphunzitsi wa mishoni imeneyi. Motero mwanayo anakulira m'nyumba momwe munali sileti ndi buku, pamene anzake a msinkhu wake ambiri anali asanaonepo chilembo. Koma nyumba ya mphunzitsi inali pamudzi pomwepo. Kunja kwa khomo kunali mphala, kunali bwalo la milandu, kunali maliro ndi zinamwali, ndipo zonsezi mnyamatayo anaziona ndi maso ake.

Tisaiwale kuti mbali ya kuno inali pa ulendo womwewo. Mu 1899 atumiki a mpingo wachibale wochokera ku Orange Free State anafika pa Magwero, pafupi ndi Fort Jameson, imene lero ndi Chipata. Pambuyo pake anatsegula Madzimoyo mu 1903, ndi Nyanje mu 1905, chaka chomwe Bambo Nthara anabadwa. Mishoni za mbali zonse ziwiri zinkaphunzitsa ndi kulalikira m'Chinyanja, kotero kuti buku losindikizidwa ku Nkhoma silinkasowa womasulira likafika ku Magwero. Malire amene Azungu analemba pamapu anagawa misonkho ndi maboma, koma mwana wa sukulu wa ku Mchinji ndi wa ku Fort Jameson ankawerenga mawu amodzimodzi.

Pamene Buku Lopatulika lathunthu linatuluka mu 1922, ntchito imene W.H. Murray anaitsogolera pamodzi ndi Achewa ndi Amang'anja omuthandiza, Bambo Nthara anali ndi zaka 17. Aliyense amene anawerenga mabuku awo angavomereze kuti kalembedwe kawo kanayamwa mabele awiri. Kuli kayendedwe ka ziganizo za m'Buku Lopatulika, kodekha ndi kosathamanga, ndipo kulinso kalankhulidwe ka akulu pabwalo, kamene kamazungulira nkhani ndi miyambi kasanaigwire pakhosi. Iwo anaphunzira ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za mishoni yomweyo, nayamba kuphunzitsa akali mnyamata. Mphunzitsi wa masiku amenewo malipiro ake anali ochepa kwambiri, khasu sankalisiya, ndipo Lamulungu ankaimanso kutsogolo kwa mpingo. Palibe amene ankayembekeza kuti munthu wotere angalembe buku lokawerengedwa ku London.

Mwayi unadza kuchokera kutali. Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo patapita zaka zochepa linayambitsa mpikisano wolimbikitsa anthu a mu Africa kulemba mabuku m'zinenero zawo. Chinyanja chitapatsidwa danga, Bambo Nthara anatumiza nkhani ya moyo wa munthu wotchedwa Nthondo, kuyambira kubadwa mpaka kumwalira kwake. Nkhaniyo inapata mphotho, ndipo inasindikizidwa mu 1933 mlembi wake ali ndi zaka 28. Mpikisano womwewo ndi umene unatulutsa buku la Omenuko la Pita Nwana m'chinenero cha Igbo ku Nigeria. Amene amayesa kuti zolemba za mu Africa zinayamba ndi Chinua Achebe ayenera kudziwa kuti buku lake lotchuka la Things Fall Apart linatuluka mu 1958, Nthondo ali kale ndi zaka 25 m'manja mwa ana a sukulu.

Tsatanetsatane wa nkhaniyi ndi wosavuta kumutsata. Nthondo abadwa pamudzi wa Achewa, atate ake amwalira iye akali wamng'ono, ndipo akula ali mwana wosamva, wakuba ndi wovutitsa anthu. Atakula apita kutali kukafuna ntchito kwa Azungu monga ankachitira anyamata a nthawiyo, akumana ndi zowawa, abwerera kwawo, ndipo pambuyo pake amulonga ufumu wa pamudzi. Chakumapeto kwa moyo wake atembenuka mtima nalowa Chikhristu. Mwana wa sukulu akafunsidwa pa mayeso za phunziro la m'bukuli, kawirikawiri amayankha kuti kuba n'koipa ndipo munthu woipa angathe kusintha. Yankholo si lolakwa, ndipo aphunzitsi ambiri amalichonga. Koma ife tikuona kuti wowerenga akaima pamenepo wangonyambita m'mphepete mwa mbale, ndiwo zili pakati.

Taganizani choyamba za imfa ya atate a Nthondo. Mwa mwambo wathu mwana ndi wa kwa amake. Amene ali ndi udindo pa iye ndi mtsibweni wake, nkhoswe ya mbumba, ndipo atate ndi mkamwini wodzakhala pamudzi wa eni. Ngati zili tero, imfa ya mkamwini sinayenera kusiya mwana pambalambanda. Nanga bwanji mwana ameneyu analowerera anthu akuona? Funso limeneli bukulo limalisiya m'manja mwa wowerenga. Ena anganene kuti mlembi, pokhala mwana wa mishoni, ankafuna kuonetsa kuti banja lolimba ndi la bambo, mayi ndi ana monga ankaphunzitsira atumiki aja. Ena anganene kuti ankadzudzula achibale amene amakumbukira mwana wamasiye pa tsiku logawana chuma chokha. Mayankho onse awiri ali ndi poimira, ndipo mkalasi momwe ana angatsutsane pa mfundo imeneyi muphunziridwa zambiri kuposa momwe angolowezamo mayina a apangankhani.

Chachiwiri ndi ulendo uja wokafuna ntchito. Kwa wowerenga wa mu 1933 imeneyi sinali nkhani yopeka ayi. Msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndalamazo pamudzi panalibe, ndipo amuna ankayenda pansi masabata ambiri kupita ku Halale ndi ku Joni. Kuno ku Fort Jameson vutoli linakula koposa chifukwa kampani ya North Charterland inali itatenga malo aakulu, anthu n'kupanikizidwa m'madera ochepa momwe nthaka inatha msanga. Mu 1935 boma la Nyasaland linachita kukhazikitsa komiti yofufuza za kuchoka kwa amuna m'midzi. Liwu lakuti machona, lonena za amene anapita osabwereranso, linali pakamwa pa mayi aliyense. Choncho pamene Nthondo anyamuka, owerenga oyamba aja ankaona mlongo wawo kapena mwana wawo, ndipo kubwerera kwake kunali chinthu chimene mabanja ambiri anachidikira mpaka kumanda osachiona.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ana a masiku ano amadodoma kwambiri, ndi ufumu. Zitheka bwanji kuti munthu amene mudzi wonse ukudziwa mbiri yake ya kuba apatsidwe mpando? Amene sadziwa mwambo amati mlembi anangofuna kukometsa nkhani. Koma inu amene mwakhalapo polonga mfumu mukudziwa kuti ufumu wa Achewa suchita kufunsira ngati ntchito ya kuboma. Umatsata bele, amayi a mbumba ndiwo amaloza munthu, ndipo wolozedwayo amamulanga, kumuuza zolakwa zake zonse pamaso, asanamupatse dzina la amene anamutsogolera. Akalowa dzinalo amayembekezeka kusiya chibwana chake chonse. Kunena kwina, makolo athu anali nayo kale njira yawo yosandutsira munthu kukhala watsopano belu la tchalitchi lisanamveke. M'buku la Nthondo muli kusintha kuwiri, kwa pabwalo ndi kwa m'tchalitchi, ndipo wowerenga wosamala adzadzifunsa kuti kumene kunayamba kuweta munthuyo ndi kuti.

Apa tiyenera kunena mosabisa mawu, poti tasonkhana pa mwambo wa makolo. Mpingo umene unalera Bambo Nthara unkaletsa akhristu ake kupita kudambwe, ndipo m'zaka za m'ma 1920 panali kulimbana koopsa m'midzi yambiri pakati pa sukulu za mishoni ndi eni mizinda ya Gule Wamkulu. Bukuli linasindikizidwa ndi mishoni, ndipo limatha monga mishoni ikanafunira. Pachifukwa chimenechi alipo ophunzira ena amene amaliyesa ulaliki wovala malaya a nthano. Ife sitikana kuti mlembi anali mkhristu wotsimikiza mtima, ndipo sitifuna kumuveka maganizo amene iye analibe. Chokhacho tikupempha kuti muwerenge masamba. Kutembenuka mtima kuli kumapeto. Thunthu la buku ndi moyo wa pamudzi: kubadwa kwa mwana ndi miyambo yake, matenda ndi kufunafuna chimene chawadzetsa, maliro, milandu, kulankhulana kwa mwamuna ndi mkazi wake m'nyumba. Anthu a m'bukuli, ngakhale asanamve za Chikhristu, ali ndi nzeru, ulemu ndi malamulo. Mu nthawi imene mabuku ambiri a Azungu ankajambula munthu wakuda ngati mwana wosadziwa kanthu, mphunzitsi wa zaka 28 anaonetsa mudzi wa Achewa monga malo a anthu oganiza. Zimenezi anazichita osakweza mawu, mwina osadziwanso kukula kwa chimene ankachita.

Mu 1934 bukuli linatuluka ku London m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Analimasulira ndi T. Cullen Young, Mskotishi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Mishoni ya Livingstonia, yemwenso mu 1946 anakonza buku la Our African Way of Life pamodzi ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda. Mawu otsogolera analemba ndi Julian Huxley, katswiri wa sayansi ya zamoyo, munthu amene sankapemphera n'komwe. Pali chinthu china chodabwitsa pamenepa chimene sitingachilumphe. Huxley yemweyo ndiye anadzakhala mkulu woyamba wa bungwe la UNESCO mu 1946, ndipo ndi UNESCO imene mu 2005 inalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Komanso mbiri ya mwambo wathu wa Kulamba imanena kuti boma la atsamunda linauletsa mu 1934, chaka chomwecho chimene anthu a ku London ankagula buku lonena za moyo wa Mchewa.

Ntchito imene ikutikhudza kwambiri ife a kuno ndi Mbiri ya Achewa, imene inatuluka ku Nkhoma chapakati pa zaka za m'ma 1940. Kufikira nthawi imeneyo mbiri ya mtundu wathu inali m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalamba iliyonse ikamwalira inkapita nalo gawo lake. Bambo Nthara anatola zimene akuluakulu ankasimba, nazilumikiza: ulendo wochokera ku Uluwa, za Aphiri ndi Abanda, za Kalonga ndi Nyangu, za Makewana ndi kachisi wa ku Msinja, za kubalalika kwa mafumu monga Undi, Mkanda ndi Mwase kupita kumadera awo. Ambiri mwa mayina amene ana athu amawatchula lero mosavuta, ngati kuti anabadwa akuwadziwa, anafika m'kalasi kudzera m'buku limeneli.

Bukuli lili ndi malire ake, ndipo si mwano kuwatchula. Mlembi anamva zambiri kwa akulu a m'chigawo chapakati cha Malawi, kotero kuti nkhani za mafumu a kumeneko n'zonenepa kuposa za ufumu wa Undi ku Mano ndi za midzi ya kuno. Ndiponso mbiri ya pakamwa ili ndi khalidwe lake: banja lililonse lachifumu limasimba mokomera mpando wake, ndipo zaka mazana angapo zimatha kupindidwa n'kukhala ngati moyo wa munthu mmodzi. Harry Langworthy, wa ku America, amene anafufuza mbiri ya ufumu wa Undi kuno ku Chigawo cha Kummawa m'zaka za m'ma 1960, anaona zimenezi, koma sanalitaye bukulo. M'malo mwake analemba ndemanga zake m'buku lomasuliridwa m'Chingerezi ndi W.S. Kamphandira Jere, limene linasindikizidwa ku Wiesbaden m'dziko la Germany mu 1973 ndi dzina lakuti The History of the Chewa. Akatswiri a mbiri amatsutsana ndi Bambo Nthara pa mfundo zina, koma onse amayambira pa iwo. Zimene zikusowamo za mbali ya kuno zikudikira mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza kuti akakhale pansi ndi agogo ake akali moyo.

Mabuku awo ena tingowatchula mwachidule. Analemba za moyo wa Msyamboza, mfumu ya mudzi wa Chibanzi m'boma la Dowa, amene anakhala ndi moyo m'nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a minyanga, nalandira mishoni ya Kongwe, natchuka ndi ulimi wothirira, ndipo anamwalira mu 1926. Cullen Young analimasuliranso bukuli, nalitulutsa mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. Chaka chomwecho kunatuluka Nchowa, nkhani ya moyo wa munthu wamkazi. Mu 1964 analemba mbiri ya Mbusa Namon Katengeza, mmodzi wa abusa awiri oyamba achikuda a ku Nkhoma, amene anadzozedwa mu 1925 pamodzi ndi Andreya Namkumba. Mukawaika pamodzi mabukuwa muona kuti mlembi ameneyu mtima wake unali pa chinthu chimodzi, ndicho kutsata moyo wa munthu kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto, makamaka munthu woima pakati pa mwambo wa makolo ndi zachilendo zobwera ndi Azungu. Kumeneko n'kumene iwo eni anaima moyo wawo wonse.

Pali kanthu kena kakang'ono kokhudza kalembedwe kamene kangakondweretse aphunzitsi a Chinyanja. M'masiku a Bambo Nthara mabuku a mishoni ankalemba chilembo c chokha pamene a ku Malawi lero amalemba ch. Dziko la Malawi litasankha Chichewa kukhala chinenero cha fuko mu 1968, malamulo a kalembedwe anasinthidwa, ndipo mabuku akale anawakonza kuti atsate malamulo atsopanowo. Kuno ku Zambia sukulu zinasunga c uja. Motero mwana wa ku Chipata akamalemba dzina la chinenero chake m'kope, amalemba mofanana ndi momwe mlembi wa Nthondo ankalembera pa bolodi ku Nkhoma.

Bambo Nthara anaona ndi maso awo ufulu wa Malawi ndi wa Zambia mu 1964. Ulemu wochokera kwa ophunzira a m'mayunivesite unawapeza atakula kale. Mu 1968 katswiri wa mbiri Bridglal Pachai, amene ankaphunzitsa pa Yunivesite ya Malawi, analemba nkhani ya moyo ndi ntchito zawo m'magazini ya Society of Malawi Journal, ndipo buku lawo la mbiri linatuluka m'Chingerezi iwo ali ndi zaka 68. Nthondo anapitirira kuwerengedwa m'sukulu za sekondale, nakhala limodzi la mabuku olembedwa pa mayeso a Chichewa ku Malawi, pamodzi ndi mabuku a alembi amene anadza pambuyo pawo, onga John Gwengwe, mlembi wa Sikusinja ndi Gwenembe ndi Kukula ndi Mwambo.

Anamwalira mu 1976 ali ndi zaka za m'ma 70. Mwambo wa Kulamba sanauone utabwerera, pakuti Kalonga Gawa Undi X anauukitsa ku Mkaika mu 1984, patapita zaka 8 iwo atagona. Mafumu ambiri amene amafika kudzalamba kuchokera kutsidya kwa malire, mayina a mipando yawo analembedwa kale m'buku lija la ku Nkhoma.